Kondensa ya mkuwa yotchezera pakhomo: chomwera, koyilo kapena Liebig, ndi cholumikizira chake

Amayi otcheza kachasu atamva kuti anthu amakhala pansi n'kumatsutsana za kondensa akhoza kuseka, chifukwa iwo amangoti paipi. Mgolo uli pamafuwa, kukamwa kwake amata ndi phala la ufa kapena dothi, paipi yatuluka chapamwamba n'kudutsa m'tayala lakale lodzaza madzi, botolo likudikira kumapeto. Chigawo cha paipi chimene chamira m'madzicho ndiye kondensa. Nthunzi imalowa yotentha, imakumana ndi chitsulo chozizira, n'kusanduka madontho.

Ine ndimatcheza masamba a lemon grass ndi a bulugamu kuno ku Area 25, kufuna mafuta onunkhiritsa sopo. Chipangizo chake n'chimodzimodzi ndi cha kachasu, kungoti za mowa zili ndi lamulo lake ndipo zimafuna chiphaso, ndiye amene akuganiza zimenezo ayambe wakafunsa ku khonsolo. Pano ndikukamba za chitsulo, madzi ndi moto. Ndapangapo makondensa a mitundu itatu, ndipo ndinaona kuti anthu amataya nthawi posankha maonekedwe a kondensa pamene zinthu zofunika ndi ziwiri: madzi amene muli nawo pakhomo, ndi chimene mwalumikizira mapaipi.

Tiyambe ndi madzi, poti ndi amene amalamula zonse. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, choncho madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97, osafika 100. Nthunzi yokwanira kupanga lita imodzi ya madzi ikamazizira imatulutsa kutentha kwa makilojulo 2,260, ndipo kutentha konseko kumalowa m'madzi oziziritsira. Kunena mwachidule, lita imodzi imene yadonthera m'botolo imakweza kutentha kwa madzi a mu ndowa ya malita 20 ndi madigiri pafupifupi 30. Mu mgolo wa malita 200, lita yomweyo imangokweza ndi madigiri atatu. Ndowa imatha mphamvu musanadzaze botolo lachiwiri, pamene mgolo umapirira malita khumi. Mu Okutobala, madzi akamachoka pampopi ali ofunda kale ndiponso akubwera mwa apo ndi apo, masamu amenewa amapweteka kwambiri.

Paipi yowongoka m'chomwera

Iyi ndi njira ya makolo ija, kungosintha paipi kuti ikhale ya mkuwa. Mumatenga paipi ya mamilimita 15 kapena 22, imene mapulambala amagwiritsa ntchito pa madzi otentha, n'kuidutsa mopendekeka mu theka la mgolo, m'beseni lalitali kapena m'tayala. Palibe chowotcherera. Pamene paipi yabowola chomwera mumatseka ndi labala ya chubu, poti malo amenewo amangokhudza madzi oziziritsira basi.

Ubwino wake ndi woti mukhoza kusuzumira mbali imodzi n'kuona kuwala mbali inayo, ndiye kutsuka n'kosavuta: kansalu pa waya, kukoka kawiri katatu, yayera. Vuto ndi lakuti paipi yomira m'madzi imakhala yaifupi, kawirikawiri yosafika mita imodzi, ndipo madzi ake sayenda. Amene akhudzana ndi paipi amatentha msanga, ndiye pamafunika munthu woima pambali ndi chikho, kutunga otentha n'kuthira ozizira tsiku lonse. Moto ukangokula pang'ono, nthunzi imatuluka kumapeto isanazizire. Pa lemon grass ndiye kuti mafuta akuuluka mukuona. Pa mowa ndi zoopsa, chifukwa nthunzi ya mowa imayaka, ndipo moto uli pomwepo.

Koyilo mu mgolo

Njira imeneyi ndi imene ambiri amaiganizira akamva za kondensa ya mkuwa: paipi yofewa yopindidwa ngati nkhata ya njoka, yomira mu mgolo wa madzi. Paipi yake ndi ija ya mafiriji ndi ma air conditioner, imene imagulitsidwa yokulungidwa kale, nthawi zambiri mamita 15 pa mkulungo umodzi, ndipo mukafufuza m'mashopu a hardware a ku Old Town ndi kwa ogulitsa zipangizo za mafiriji mumaipeza. Imabwera m'masaizi a mainchi. Ya kota inchi, imene ndi mamilimita 6 ndi pang'ono, isiyeni ngakhale ili yotchipa. Ndi yopapatiza kwambiri moti kachidutswa ka tsamba kakhoza kuitseka, ndipo mphika wotsekeka uli pamoto umaphulika. Ya 3/8 ndiye poyambira, koma ine ndimakonda ya theka la inchi, mamilimita 12.7.

Mamita asanu kapena asanu ndi imodzi amakwanira mphika wa malita 20 wa pambaula. Mukakulunga pa chinthu chotambalala masentimita 20, monga chitini cha penti, kuzungulira kumodzi kumadya masentimita 63, ndiye mamita asanu ndi limodzi amakupatsani mizere isanu ndi inayi. Pamene pamavuta ndi popinda. Mkuwa ukapindidwa mwaphuma umafwanyika n'kuphwatalala, ndipo pofwanyikapo sipabwereranso. Njira yake ndi kudzaza paipi ndi mchere wouma kapena mchenga wosefa bwino, kutseka mbali zonse, kenako n'kumakulunga pang'onopang'ono mutatsamiza bondo. Mchere umaposa mchenga chifukwa wotsalira mkati umasungunuka ndi madzi. Ine koyamba ndinathira mchenga wa kumtsinje wonyowa pang'ono, ndipo ndinatha masiku awiri ndikugogoda paipi ndi mthiko kuti utuluke. Dziwaninso kuti mkuwa umalimba mukamaupinda, choncho pindani kamodzi, osabwerezabwereza kuwongola.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi kutsetsereka. Koyilo iyenera kutsika kuchokera pamwamba mpaka pansi popanda malo amodzi okwera. Pakakhala kachigwa, madzi amadikha pamenepo, nthunzi imawakankha, ndipo kumapeto kumatuluka molavula m'malo modontha. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa mizere, mumange ndi waya wa mkuwa pa timitengo titatu kuti isasunthe, kenako thirani kapu ya madzi pamwamba muone ngati onse atuluka okha.

Mphamvu ya koyilo ndi yakuti safuna mpopi, safuna pampu, safuna magetsi. Mumadzaza mgolo usiku madzi akabwera, m'mawa mumayatsa moto. Madzi otentha amakwera okha pamwamba, ndiye mumatunga apamwambawo n'kuchapira zovala, ozizira n'kuwathira kudzera pa paipi yofika pansi pa mgolo. Kwa munthu wa ku Chinsapo kapena ku Mtandire amene amatunga pa kiyosiki, palibe njira ina yoposa imeneyi. Ndipo ngati koyilo ndi paipi imodzi yosadukiza, malo olumikiza ndi amodzi okha, pa chivundikiro cha mphika.

Koma kwa ife a mafuta ili ndi chilema chachikulu. Lemon grass amatulutsa mafuta ochepa, osafika gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwa masamba aawisi, ndipo ochepawo amamatirira m'kati mwa mamita asanu ndi limodzi a paipi yopindika imene simungalowetsemo burashi. Mukatcheza bulugamu lero, lemon grass wa mawa amanunkha mankhwala a chimfine. Mkati mwa koyilo simuonamo, ndiye simudziwa ngati mwayamba dzimbiri lobiriwira limene limagwira mkuwa.

Liebig: paipi mkati mwa paipi

Amene anaphunzira sayansi kusekondale anaiona ya galasi mu labotale. Imatchedwa ndi dzina la Justus von Liebig, katswiri wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800, ngakhale kuti Christian Weigel anali atafotokoza kale kapangidwe kake mu 1771. Paipi ya mamilimita 15 imadutsa mkati mwa ya mamilimita 22. Nthunzi imayenda mu yaing'ono, madzi amayenda mu mpata wa pakati pa ziwirizo. Madzi ozizira amalowera kumunsi n'kutulukira kumtunda, mosemphana ndi nthunzi. Mukatembenuza, paipi yakunja siidzaza bwino ndipo madontho amatuluka ofunda.

Mita imodzi imakwanira mphika wa pambaula. Kumapeto kulikonse kwa paipi yakunja mumaika tee, cholumikizira chooneka ngati chilembo T, imene nthambi yake ndi polowera kapena potulukira madzi, kenako reducer yotsitsa kuchoka pa 22 kufika pa 15. Mkati mwa reducer mumakhala kamzere koletsa paipi kupyola, ndiye mumayenera kukapala ndi tupa yozungulira mpaka paipi yaing'ono idutse. Chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa pa kapangidwe kameneka n'chakuti malo onse owotcherera ali kunja kwa paipi ya nthunzi. Chimene mukutcheza chimangokhudza mkuwa wokhawokha kuyambira polowera mpaka potulukira.

Liebig ndi yopepuka, imatsukika ngati paipi ya m'chomwera ija, ndipo mafuta sasochera. Vuto lake n'lakuti imafuna madzi oyenda. Moto wa mphamvu ya makilowati awiri umafuna madzi pafupifupi lita imodzi pa mphindi, kutanthauza malita 60 mpaka 70 pa ola, ndipo akangoima kwa mphindi imodzi nthunzi yatuluka. Tsiku lina mpopi unauma ndili pakati pa ntchito, ndinachita kuphula mphika ndi masamba a theka la dimba ali momwemo. Kuyambira pamenepo ndinakweza mgolo pa thandala, madzi amatsika okha kudzera pa hosi, n'kugwera mu mgolo wina pansi. Ena amaika kapampu ka mavoti 12 koyendera batire ya sola kuti madzi azizungulira, koma kumbukirani masamu aja: madzi ozungulira mu mgolo umodzi amatenthabe madigiri atatu pa lita iliyonse.

Pali mng'ono wake wa Liebig wosafuna kuwotcherera n'komwe. Paipi yamkati imakhala ya mkuwa, yakunja ya PVC ya mamilimita 32 kapena 40, kumapeto n'kutseka ndi zivundikiro zobowola ndi labala. Imagwira ntchito ndipo ndi yotchipa, koma PVC siigwirizana ndi kutentha kopitirira madigiri 60, choncho mbali yakumtunda imafewa n'kuyamba kudontha pakapita nthawi. Ndi yabwino poyesera ngati ntchitoyi mukuikonda. Mtundu wina wokhala ndi timapaipi tambiri m'kati mwa paipi yaikulu, umene amautcha shotgun, ndi wa anthu a miphika ikuluikulu. Uli ndi malo owotcherera ochuluka moti kwa woyamba kumene n'kudziputira mavuto.

Chifukwa chiyani mkuwa

Mkuwa umadutsitsa kutentha kuposa stainless steel maulendo opitirira 20, umapindika ndi manja, umalola solder (chitsulo chofewa chimene amasungunula polumikiza zitsulo), ndipo umagwira fungo la salifa limene limatuluka mu zinthu zowira. Stainless ndi yaukhondo ndipo siichita dzimbiri, koma kuilumikiza kawirikawiri kumafuna mmisiri wa makina owotcherera a argon. Ngati cholinga chanu ndi madzi othira m'mabatire a sola, stainless kapena galasi ndi zimene zili bwino, popeza timkuwa tosungunuka m'madzi timafupikitsa moyo wa batire. Paipi ya galvanised, ya fulemu ya njinga kapena ya aluminiyamu imadyeka ndi nthunzi ya asidi. Zinthu ziwiri zokha ndinene motsindika. Radiyeta ya galimoto, ngakhale ioneke ngati kondensa yopangidwa kale, musaiyandikire: zakale zinawotcheredwa ndi mtovu, ndipo munkayenda mankhwala oziziritsa injini amene ndi poizoni. Paipi yochotsa mu firiji yakufa nayonso ili ndi mafuta a kompuresa amene satha ndi kutsuka. Ku Biwi zinthu zimenezi zimapezeka mosavuta, koma ntchito yake ndi ya galimoto ndi mafiriji.

Kulumikiza, pamene pagona nkhani

Solder amene amapezeka paliponse mumzinda muno ndi wa okonza mawailesi ndi mafoni, uja wolembedwa 60/40. Manambalawo akutanthauza magawo 60 a tini ndi 40 a mtovu. Amasungunuka msanga, pa madigiri pafupifupi 185, amayenda bwino, ndipo n'chifukwa chake amisiri amamukonda. Timitanda ta solder timene osula zidebe ndi makeni othirira amagwiritsa ntchito nthawi zambiri timakhalanso ta mtovu. Nthunzi yotentha, makamaka ya asidi kapena ya mowa, imasungunula mtovuwo pang'onopang'ono. Sumveka fungo, suoneka, sulawika. Umaunjikana m'thupi n'kuwononga impso, magazi ndi mitsempha, ndipo mwa ana umawononga ubongo. Ku America analetsa solder wa mtovu pa mapaipi a madzi akumwa mu 1986, ndipo amenewo ndi madzi wamba a pampopi, osati nthunzi.

Wofunika ndi solder wopanda mtovu, wa tini ndi mkuwa kapena tini ndi siliva. Pa chikulungo pamalembedwa zinthu ngati Sn97Cu3, Sn99.3Cu0.7 kapena Sn96.5Ag3.5. Mukaona zilembo Pb, ndiye mtovuwo. Wopanda chizindikiro chilichonse musagule, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi wabwino, chifukwa nayenso sakudziwa. Wopanda mtovu amasungunuka pa madigiri 220 mpaka 230 kapena kupitirira pang'ono, kutali kwambiri ndi kutentha kwa nthunzi, choncho palibe mantha akuti adzamasuka pa ntchito.

Chowotcherera cha magetsi cha mafoni sichingathe, poti mkuwa umathawitsa kutentha mofulumira kuposa mmene kachipangizoko kangaperekere. Pamafunika tochi ya gasi, ija yomangirira pa kachitini ka butane. Dulani paipi mowongoka, palani zokhakhala za m'kamwa mwake, kenako kwechani ndi sandipepa kapena steel wool kunja kwa paipi ndi m'kati mwa cholumikizira mpaka ziwale ngati ndalama yatsopano. Musagwirenso ndi zala. Pakani flux, mankhwala othandiza kuti solder agwire, mopyapyala, lowetsani mpaka kumapeto, ndipo moto muulozetse pa cholumikizira, osati pa solder. Pakapita timasekondi, gusitsani solder mbali imene kulibe moto. Ngati patentha mokwanira amasungunuka yekha n'kuyamwidwa kulowa mu mpata, ngati mmene parafini amakwerera pa chingwe cha koloboyi. Pa paipi ya mamilimita 15, solder wotalika sentimita imodzi ndi theka kapena awiri wakwana. Wochuluka amangodonthera mkati. Akamapanga timipira n'kumagwa, ndiye kuti simunakweche bwino kapena mwapsereza flux. Masulani, kwechaninso, yambaninso. Dontho limodzi la madzi m'paipi limalepheretsa ntchito yonse. Pa Liebig, pomaliza mbali imodzi kulungani nsalu yonyowa pamenepo musanayambe ina, kuopa kusungunula zimene mwamaliza kale.

Njira yachiwiri ndi kupita nazo kwa okonza mafiriji. Iwo amawotcherera ndi timitengo ta mkuwa wosakaniza ndi fosiforasi, nthawi zina ndi siliva pang'ono, pa moto wa madigiri opitirira 650. Polumikiza mkuwa ndi mkuwa safuna flux, mulibe mtovu, ndipo polumikizapo pamalimba kuposa pa solder. Kwa munthu amene alibe tochi ndipo akufuna kondensa imodzi yokha, ine ndimati apite kumeneko, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Zoyenera kudziwa ndi zitatu. Moto waukuluwo umafewetsa mkuwa ndipo umasiya makoko akuda m'kati amene muyenera kutsuka. Timitengo ta fosiforasi sitigwira bwino pa chitsulo kapena stainless. Ndipo timitengo tina ta siliva timakhala ndi cadmium, amene ndi woipa ngati mtovu, ndiye funsani kuona paketi.

Yachitatu ndi zolumikizira zomanga ndi sipanala, zija za nati ndi kamphete kofinya paipi. Sizifuna moto, zimamasuka potsuka, ndipo pa mbali ya madzi oziziritsira zilibe vuto lililonse. Kungoti zambiri ndi za brass, chitsulo chachikasu chija, ndipo brass wamba amakhala ndi mtovu pang'ono, choncho pa njira ya nthunzi chepetsani chiwerengero chake. Malo amodzi amene n'zovuta kuzipewa ndi pa chivundikiro cha mphika, chifukwa solder wamba sagwira pa aluminiyamu, ndipo pa stainless amafuna flux wapadera wa asidi. Pamenepo bowolani, ikani cholumikizira cha mazinga, mutseke ndi thread tape yoyera ija ya mapulambala. Labala ya chubu, guluu ndi putty wa magalimoto zisakhudze nthunzi. Miphika youmba ndi aluminiyamu wosungunula ku zitsulo zakale ndimaikayikiranso, popeza zimene zinalowa m'ng'anjo palibe amazidziwa.

Ndiye pali phala la ufa. Musalinyoze. Ufa wa tirigu kapena wa chinangwa wokanda ndi madzi pang'ono umauma ndi kutentha n'kutseka mpata wa chivundikiro bwinobwino, mulibe poizoni, ndipo paipi ikatsekeka phalalo ndi limene limayamba kung'ambika mphika usanaphulike. Amayi aja anatulukira chotetezera chimenechi kalekale. Pa chifukwa chomwecho, kumapeto kwa kondensa kusakhale vavu kapena chotsekera cha mtundu uliwonse, ndipo paipi isamatidwe pakamwa pa botolo.

Mukandifunsa chimene ndingasankhe: wopanda mpopi wodalirika apange koyilo ya theka la inchi mu mgolo wa malita 200, paipi imodzi yosadula. Wa mafuta onunkhira, amene amasinthasintha masamba, apange Liebig ya mkuwa yokhayokha ndi mgolo wa pathandala. Chomwera ndi cha wongoyesa. Ndipo wina asakunamizeni kuti kondensa ya mkuwa imayeretsa mowa woipa. Imagwira fungo la salifa basi. Methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha, amadutsa mu mkuwa ngati mmene amadutsira mu paipi ina iliyonse.

Kondensa yatsopano musaigwiritse ntchito tsiku lomwelo. Tsekani mbali imodzi ndi chala, mizani m'beseni, uzirani mpweya mbali inayo muone ngati pakutuluka thovu. Pa Liebig, dzazani paipi yakunja ndi madzi muisiye usiku wonse, m'mawa muone ngati yamkati yanyowa. Kenako tsukani flux ndi madzi otentha a sopo, muviike mu viniga wothira mchere pang'ono kapena m'madzi a mandimu, mutsukuluze kwambiri. Ulendo woyamba wiritsani madzi osakaniza ndi viniga, mulole nthunzi idutse kwa mphindi 15 musanatsegule madzi oziziritsa, ndipo zimene zatulukazo mutaye. Ulendo wachiwiri madzi okhaokha. Mukamaliza ntchito iliyonse tsukuluzani, muimike chozondoka kuti iume, chifukwa chinyezi chotsalira ndi chimene chimabala dzimbiri lobiriwira. Mkati mukada mofiirira ngati khobidi lakale palibe vuto, ndi mmene mkuwa umakalambira. Madontho akayamba kutuluka obiriwira kapena a buluu, zimitsani moto mubwerere ku viniga.